Galasi Lakuda la Bambo a Brenda

Lolemba, 9 Okotobala 2017

Kutentha. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Mandasi ndinakazinga 80, atsala 6.

Pa kiyosiki ya madzi amake Limbikani andifunsa pamaso pa anthu: "Kodi amuna anu anasiyiranji kupereka moni?" Ndangoseka. Koma akunena zoona. Kale bambo a Brenda akamadutsa pa njinga yamoto nkhope inkaoneka, ankagwedezera mutu aliyense, ndi ana omwe. Chiikireni galasi lakudali pa helemeti, pa 2 Ogasiti, chimene chimadutsa ndi chimutu chakuda basi. Ine mkazi wawo ndimawadziwira nsapato.

Loyera lija akuti linasweka. Zidutswa zake sindinazione. Lakudali anagula K6,500 kwa Onesimo wa masipeya ku Limbe, osandiuza. Munthu woti amandiuza ngakhale agule machesi.

Chifukwa chake akuti dzuwa. Zaka zonsezi akuyenda pa njinga dzuwa kunalibe?

Lachitatu, 11 Okotobala

Nkhani ya anamapopa yafika kuno ku Bangwe. Inali ya ku Mulanje, ya pa wailesi. Tsopano aliyense ali ndi msuweni wake amene anamupopa magazi ali m'tulo. Anyamata ayamba kulondera ndi zibonga, wowatsogolera Blackson wokazinga tchipisi pa siteji. Akutolera K200 nyumba iliyonse, akuti ya mabatire. Ndapereka msanga.

Vuto ndi ntchito ya bambo a Brenda. Kutenga timabotolo ta magazi ndi makhololo m'zipatala zing'onozing'ono, kukasiya ku labu. Bokosi loyera kumbuyo kwa njinga. Palibe amene sakudziwa muno. Ena ankachita kuwatuma kuti akawafunsire ngati zotsatira zatuluka. Lero ana ochokera ku sukulu ataliona bokosilo athawira m'ngalande.

Ndawauza mofatsa kuti achotse galasilo, anthu aziona kuti ndi iwo. "Amene akundidziwa akundidziwa." Mawu ake omwewo. Atembenukira kukhoma.

Lachisanu, 13 Okotobala

Mandasi atsala 23. Ufa womwewo, mafuta omwewo, manja omwewa.

Munthu amabisa nkhope kwa ndani? Kwa apolisi, kwa amene ali naye ngongole, kapena kwa mkazi wake. Ndaganiza za mkazi wina. Lachinayi lililonse amapita ku Chilomoni, amachedwako. Atalowa m'bafa ndanunkhiza jekete lawo. Petulo ndi thukuta. Ndachita manyazi ndekha, koma dzanja linali litalowa kale m'thumba.

Kabotolo kakang'ono ngati chala, kokhala ndi kamlomo kodonthezera. Pepala lake lochita kumatula. Madzimadzi oyera, osanunkha.

Pa kiyosiki amati anamapopa amayenda ndi mankhwala ogonetsa anthu.

Ayi. Venansio wanga wa ku Makhanga, woimba kwaya chiyambire ali mnyamata. Mulungu andikhululukire. Ndakabweza momwe ndinakapezera.

Brenda ndamugoneka kumbali yanga.

Loweruka, 14 Okotobala

Ndaganiza zoti mwina lamulo lindithandize. Likakhala loletsedwa achotsa okha, popanda ine kukangana nawo.

Ndapita ku Limbe kukagula ufa, ndadzera kwa Onesimo. Akuti magalasi akudawo ndi ololedwa, nanga magalimoto a mabwana samayenda ndi tintedi? Ndafunsa ngati ali ndi pepala lonena zimenezo. Waseka, akuti amayi mukufuna kukhala loya. Galasi loyera akugulitsa K4,000. Ndalama ndinali nayo, koma ndikanaligula, ufa ukanaperewera.

Anyamata a kabaza pa siteji, aliyense zake. Wina akuti apolisi anamugwira nalo. Wina akuti wayenda nalo chaka, palibe anamufunsapo. Wina akuti masana palibe mlandu, mlandu ndi kukada. Chimodzi chokha agwirizana onse: dzuwa likalowa suona maenje, umachita kulikweza, ndiye fumbi ndi tizilombo m'maso.

Mayi wapolisi wa pamsewu amene amandigula mandasi ndamufunsa pomupatsa chenji. "Mayi, ine ndimeyo sindinaiwerenge. Koma masiku ano angakhale mwamuna wanga sindingamulole." Basi.

Ndiye lamulo lenileni palibe wandionetsa. Ndabwerako monga ndinapitira.

Lamulungu, 15 Okotobala

Tsiku la anakubala. Brenda wandipatsa sopo wosambira, sindikudziwa ndalama waitenga kuti. Mwina kwa bambo ake.

Iwo ku Misa sanapite, Lamulungu lachitatu lotsatizana. Akuti mutu. Ndawasiya atatseka makatani, m'nyumba mdima masana ano.

Ku mapemphero a limana madzulo benchi yathu imakhala yothithikana. Lero panali malo a anthu awiri mbali iyi, awiri mbali iyo. Popatsana moni amayi ena angogwedeza mutu. Pempherolo linali la "onse amene asokera chifukwa cha ndalama". Maso onse pansi.

A Wahabu, eni nyumba yathu, andiitana pobwerera. Anali pa mashini awo pa khonde, sanasiye kusoka. Akuti iwo alibe nafe chifukwa, lendi timapereka pa 1 osaphonya. Koma nyumba ikayaka siyaka chipinda chathu chokha. Akuti anthu akunena zoti wochoka m'mawa ndi Venansio, koma wobwera madzulo palibe angalumbire kuti ndi yemweyo.

Ndathokoza.

Lachiwiri, 17 Okotobala

Afika kutada, bondo la thalauza litang'ambika, magazi mpaka m'sokosi. Agwera m'dzenje pafupi ndi mlatho. Dzenje lija ngakhale mbuzi zikulidziwa.

Powatsuka balalo ndimawayang'ana. Beseni ndinaliika kumanzere kwawo, iwo kulifufuza ndi phazi. Ndiye ndawayesa. Ndaima mbali ya kumanzere, kapu ya tiyi m'manja, pafupi ndi phewa lawo, osayankhula. Nthunzi ikuwafika pa tsaya. Sanatembenuke. Ndadzera kumanja, alandira nthawi yomweyo, "zikomo".

Ndawafunsa kuti diso ilo linasiya liti kuona.

Aika kapu pansi. Kenako anena zonse. Mu Julaye lole ya miyala inawadutsa ku Chigumula, mwala unaphulitsa galasi loyera lija, kachidutswa kanalowa m'diso. Anakachotsa okha ndi nsonga ya mpango. Kuyambira pamenepo likuona chifunga chokhachokha, ndipo dzuwa likawomba limabaya ngati singano, mpaka linzake limatuluka misozi. Popanda galasi lakuda sangayende masana. Kabotolo kaja ndi mankhwala a m'maso a ku famase. Pepala anamatula kuopa ine. Ku Chilomoni amachedwa chifukwa amaima pamthunzi kudikira dzuwa lipepe.

Miyezi itatu ndikugona nawo nyumba imodzi. Ndimangoti diso lafiira ndi fumbi. Ine kununkhiza jekete.

Andigwira dzanja, andilumbiritsa. Ku ofesi akangomva awatsitsa pa njinga, ndipo ntchito ina pa msinkhu wawo ili kuti? Mlamu wa amake Limbikani amasesa pa chipatala chimene amatengako mabotolo. "Mukanena pa kiyosiki m'mawa, masana zafika kwa bwana."

Ndalonjeza.

Lachinayi, 19 Okotobala

Sindinakazinge.

Ndilemba pang'onopang'ono.

Cha m'ma faifi koloko Brenda anabwera akuthamanga, akuti adadi awagwira pa mlatho. Ndinapita opanda nsapato. Miyala itaikidwa pamsewu, njinga ili gone, anthu osawerengeka. Bokosi atalitsekula. Munalibe magazi, anali atasiya kale ku labu, koma munali magolovesi ndi timabotolo topanda kanthu. Wina ankatikweza m'mwamba kuti onse aone.

Blackson anawalamula avule helemeti. Anavula. Dzuwa linali likuwawomba kumaso. Diso lija psuu, misozi chuchuchu, iwo kuliphimba ndi dzanja. Mayi wina kumbuyo kwanga anati taonani diso la magazi. Mawuwo anayenda pakamwa pa aliyense. Ndinaona mnyamata wina akutola njerwa. Ndi mwana woti ndinkamupatsa mandasi otsala ali wamng'ono.

Anawapulumutsa ndi a Wahabu. Analowa pakati ndi tepi yawo m'khosi, nati munthuyu amagona m'nyumba mwanga, amene akumufuna ayambe ndi ine. Anthu anazengereza. Blackson anati chabwino, koma mawa m'mawa akafotokoze pa kiyosiki chimene amabisira nkhope. Akapanda kutero asadzaonekenso pa mlathowo.

Madzulo wailesi ikuti mu tauni muno anthu ena aphedwa lero pa nkhani yomweyi. Ndazimitsa.

Ndawapempha akanene za disolo. Akana. Akuti adzadzera njira ya kumtunda, zimenezi zitha sabata ino. Njira ya kumtunda nakonso kuli miyala pamsewu. Kumeneko kulibe a Wahabu.

Lachisanu, 20 Okotobala

Ndanena.

Iwo anali akumanga bokosi ndi chingwe, chifukwa chotsekera anachithyola dzulo. Ndinatenga ndowa ngati ndikukatunga. M'thumba mwanga kabotolo kaja.

Pa kiyosiki panali podzaza. Blackson ndi anyamata ake, amayi onse a mzere wathu. Ine mawu anga ndi aang'ono, amake Limbikani ndi amene ankabwereza mokweza. Ndanena za lole, za mwala, za mpango. Tsiku logula galasi, mtengo wake, dzina la wogulitsa. Blackson anati mankhwalawo tidziwa bwanji kuti si ogonetsa? Ndinapendeketsa mutu, ndinadonthezera m'diso langa, awiri uku, awiri uku. Amaluma. Ndinaima pompo mpaka ndowa yanga kudzaza, onse akundiyang'ana ngati ndigwa.

Sindinagwe.

Kenako chisoni chinayamba. Aliyense ankadziwa kale kuti a Venansio ndi munthu wabwino. Aliyense anali atawaona akutsinzina. Mayi uja wa "diso la magazi" anandiuza za dokotala wa maso amene anathandiza apongozi ake. Blackson anati akanangonena poyamba, ife si zilombo. Njerwa ija sanaitchule.

Atafika bambo a Brenda pa njinga, anyamata anachotsa okha miyala. Ena kuwakwezera manja. "Pepanitu madala, za disozo!" Njinga inachita ngati iima, kenako inapitirira. Nkhope sindinaione, koma ndinaona mapewa.

Abwera bwinobwino, kusanade. Chakudya adya. Mawu ayi.

Lolemba, 23 Okotobala

Mandasi 80, atha onse isanakwane teni. Ena akugula asanu asanu, kufunsa kuti odwala ali bwanji. Ndalamayo ndaiika m'chitini osaiwerenganso kachiwiri.

Za diso zafika kwa bwana. Foni ya bambo a Brenda yalira asananyamuke. Akasiye njinga ku ofesi, bokosi ndi makiyi. Lachitatu akayezetse maso ku chipatala chachikulu, abweretse kalata ya dokotala, kenako "tidzaona". Anapita pa njinga, abwera pa minibasi, helemeti m'jumbo. Ndi yawo, anagula okha.

Amake Limbikani akulumbira kuti si iwo. Sindinawafunse.

Malipiro a mwezi uno adzalandira, akutero a ku ofesi. A Novembala palibe wanenapo. Lendi K18,000. Mandasi okha sangakwanitse, ndayesa kuwerengera mbali zonse.

Tsiku lachinayi osandiyankhula. Akafuna madzi amauza Brenda. Ndikalowa m'chipinda amatseka maso onse awiri. Ndikanakhala chete bwenzi lero ali pa ntchito. Kapena bwenzi tili ku Makhanga pa maliro. Sindikudziwa, ndipo palibe adzandiuze.

Lachitatu, 25 Okotobala

Ndadzuka kuti ndikande ufa. Ndapeza atavala kale, shati yoyera ya kwaya, buku la kuchipatala m'thumba. Ataima pakhomo, kunja dzuwa litatuluka, dzanja pa chipumi.

Osatembenuka: "Amake Brenda, siyani ufawo. Mukavale. Muziyenda mbali ya kumanzereyi."

Kaya andikhululukira, kaya akungoopa magalimoto a ku Limbe. Sindifunsa. Ufa ndauvundikira, ukasasa usase. Akundiitana.