Mbatatesi za Mayeso

Buchi, Kitwe
3 Novembala

Okondedwa mlongo wanga Juliana,

Ndikupatsani moni inu ndi onse a pakhomo ku Katete. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Masiku ano ndikungokumbukira tsiku lija msundu unakukakamirani pamwendo kudimba, muli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Munalira mpaka agalu anauwa. Malemu amayi anamasula kansanza ka mchere, n'kuwaza pang'ono, ndipo msunduwo unafota n'kugwa. Nditafunsa chifukwa chake, anangoti madzi amalondola mchere. Ndaphunzitsa bayoloje zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sindinapeze buku lonena bwino kuposa pamenepo. Kusukulu timati ozimosisi: kachikopa kopyapyala kamalola madzi kudutsa koma mchere n'kuukaniza, choncho madzi amasamukira mbali imene mchere wachuluka.

Mawu a amayi aja ndiwo andiika m'mavuto.

Mayeso a giredi 12 akayandikira, kumabwera envulopu yomata youza mphunzitsi zinthu zoti akonzere ana patebulo. Zimenezi ndi zachinsinsi, chifukwa wodziwa zinthuzo wadziwa funso. Makolo a kuno anachenjera kalekale. Sabata imeneyo ndikalowa mumsika wa Buchi, amayi ogulitsa amandiyang'ana m'manja, ena mpaka kundifunsa m'Chibemba ngati chaka chino kuli mazira kapena nyemba. Ndiye ulendo uno, nditaona kuti akufuna mbatatesi, mchere ndi malezala, ndinakwera minibasi mpaka ku Ndola, kukagula ku Mushili kumene sandidziwa. Chifukwa linali Loweruka, thumbalo ndinafikira nalo kunyumba n'kulibisa kuseri kwa kabati. Apo ndiye ndinalakwa.

Tsiku la mayeso, ana akudula mbatatesi n'kumaviika m'madzi a mchere, woyang'anira anagwira mtsikana wina dzina lake Fridah ali ndi kapepala m'sokosi. Yankho lonse linali pamenepo m'Chingerezi, kuti ya mumchere ifota ndipo ya m'madzi okha ilimba. Koma pamwamba panalembedwa m'chinenero chathu kuti madzi amalondola mchere.

Mlongo, Fridah ndi Mbemba, chathu amangodziwa moni. M'kalasi ine sindinalankhulepo mawu amenewo. Ndimawanena pakhomo pokha, ndikamathandiza mwana wanu Nelia kuwerenga, pakuti nayenso akulemba mayeso omwewa. Ndipo Fridah ndi Nelia ndi pamtsitsi, amapita limodzi kusukulu ngakhale kukwaya.

Ahedi anandiitana, n'kundiwerengera kapepalako osandionetsa, kenaka anandilanda makiyi a labu. Anati ndikhale kaye kunyumba. Fridah akuti kapepalako anangokatola pampopi. Aphunzitsi anzanga ndikakumana nawo panjira, nkhani imathera pakamwa.

Ndayesa kuthamangitsira maganizo anga kwina. Pali a Terence, amene akhala akuufuna mpando wanga wa mkulu wa sayansi. Analipo pamene ndimatsegula envulopu, ndipo mkazi wawo ndi wa ku Chadiza, wolankhula chathu. Palinso kondakitala wa minibasi amene ananyamula thumba lija n'kulipapasa kawiri. Koma mawu a amayi akanawamva kuti anthu amenewa?

Nelia ndinamufunsa kamodzi, mofatsa. Anayankha kuti amalume, inunso mukundiganizira? Basi analowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo amadya mochepa, ndipo amasesa nyumba yonse kusiya kuseri kwa kabati. Mwina ndi manyazi a wolakwa, mwina ndi mkwiyo wa munthu wonamiziridwa. Ine amene ndamulera zaka zisanu ndikulephera kusiyanitsa. Ndafika pomayang'ana makope ake iye akapita kukatunga madzi, kuloweza mmene amapindira zilembo, ngati wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Zikundichititsa manyazi kukulemberani zimenezi.

Mvetsani pamene pali nkhani. Akapeza kuti analemba ndi Nelia, mayeso ake onse afafanizidwa, ndipo za unamwino zimene amalota zija zithera pomwepo. Akapanda kupeza wolemba, mlandu utsalira ine wosunga chinsinsi, ndipo ntchito yanga yatha kutangotsala zaka zochepa kuti ndipume. Alamu anu a Racheal akuti ndinene zoona basi. Nzosavuta kunena kwa munthu amene sanamunyamule mwanayo kuchokera ku ubatizo.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Pafoni Nelia adzangokuuzani kuti ali bwino. Koma mukakhala naye pamphasa, mukumuluka tsitsi monga kale, adzalankhula. Ngati sanalakwe, ndikufuna ndimupepese inu mukuona. Ngati analakwa, tigwirizane ife awiri choti tichite, pakuti mwanayu ndi wanu ndipo mbumba ndi yanga.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Kagoro, ndi kwa adzukulu onse. Amalume a Nicodemus musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Ndakhala ndikupempha milungu itatu kuti andionetse kapepalako. Dzulo ahedi atumiza uthenga kuti akuluakulu a mayeso avomera. Tikumana Lachinayi likudzali, naini koloko m'mawa, mu ofesi yawo, ndipo adzakaika patebulo n'kundifunsa ngati dzanjalo ndikulidziwa. Mukakwera basi ya Lachiwiri, Lachitatu mudzakhala muli kuno. Ndidzakudikirani pasiteshoni. Musandilole kukalowa m'chipinda chimenecho ndisakudziwa choyankha.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,
Cyril