Khomo la Ababa

Lolemba, 4 Ogasiti

Adokotala anena kuti ababa atuluka Lolemba likubwerali. Sitiroko yawaphera mbali ya kumanzere, pakamwa papotoka, koma maso akadali omwe aja otukwana munthu osatsegula pakamwa. Aziyendera chikuku, mpando wamatayala uja. Agula ndi achimwene, ndipo wodi yonse yamva kale kuti agula ndi iwo.

Nkhani yavuta ndi yakuti akakhala kwa ndani. Achimwene akuti kwawo. Kwawo kumene onse amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye kuti ababa azikatsala ndi wantchito komanso agalu onenepa kuposa ine. Ine ndati kwathu kuno, poti saluni yanga ili pakhonde pomwepa, ndiziluka anthu uku ndikumva akakhosomola. Achimwene aseka kaseko kawo ka kuofesi kaja. Akuti nyumba yanga ndi masitepe okhaokha, makomo ake ndi opanikiza, chikuku sichingalowe. Tathera pamenepa: Lolemba chikuku chikalowa mpaka pabedi, ababa ndi anga. Chikakanika, akwera galimoto ya achimwene.

Ndikutsanzika, ababa andigwira mkono ndi dzanja lawo labwinolo. Mawu akutuluka movutikira koma ndamva bwinobwino: "Usandipereke." Ndakalirira kuchimbudzi cha chipatala, malo osayenera n'komwe kuliriramo munthu wamkulu.

Amunanga nditawauza, ayang'ana kachipinda kathu kosungira katundu, ayang'ana windo lake, basi agamula. Akuti tiboola pawindopo pakhale khomo lotulukira panja, kenako timange kamtsetse ka simenti kotsikira pabwalo. Akunena zimenezi ndi munthu woyendetsa galimoto ya buledi, amene anakhoma shelefu kukhitchini chaka chatha ndipo mpaka lero mbale zimathawira kumanzere. Kuyambira lero dzina lawo ndi a Injiniya.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndinaitana bilidala mobisa a Injiniya ali kuntchito. Wazungulira, wagogoda khoma, wapukusa mutu, kenako watchula mtengo. Ndamufunsa ngati wamva kuti tikufuna kumanga chipatala chonse. Wapita osamaliza n'komwe tiyi. Ndiye a Injiniya apambana ntchito popanda wopikisana nawo.

Anandituma kuti popita kuchipatala ndikayeze chikuku m'lifupi mwake. Tepi ndinaiwala patebulo, zanga zija. M'chikwama munali ulusi wolukira tsitsi wokha. Ndaugwira kuchokera kutayala ili mpaka kutayala linalo, ndadula ndi mano, nkhani yatha. Anesi amandiyang'ana ngati ndikuchita zamankhwala. Ababa amaseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

A Injiniya aupachika ulusiwo pamsomali pakhoma, akuti aliyense woukhudza aona zakuda. Akuti awonjezera chala chimodzi uku, china uku, kuti chikuku chizilowa chikupuma.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Tatulutsa katundu m'kachipinda. Mayo ine, tinkasunga chiyani zaka zonsezi? Wailesi yakufa, nsapato za mwendo umodzi, matayala a njinga imene tilibe. Chilichonse ndikati titaye, a Injiniya akuti chidzagwira ntchito. Ndawauza kuti nawonso ndinawasunga ndi mawu omwewo.

Masana ayamba kugumula. Aphunzira pafoni kwa bambo wina amene amagumula khoma atavala malaya oyera, akumwetulira, fumbi osamukhudza. Kuno fumbi lalowa mpaka mushuga. Hamala ndi ya aneba, ndipo eniake abwera nayo okha n'kukhala pampando kuti aone mmene ithere. Kasitomala wanga wa lero anali akudandaula kale kuti ndimakoka tsitsi mpaka nsidze kukwera m'mwamba, ndiye fumbi litamufika wadzuka ndi mutu theka woluka, akuti abwera tikamaliza nkhondo.

Pofika madzulo pakhoma pali chibowo. Sindinganene kuti ndi khomo. Ndi chibowo, ndipo mbuzi itha kudutsapo osawerama. Tatsekapo ndi lata lakale.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Matabwa a felemu tawapeza kumene akugwetsa sitolo yakale, otsika mtengo chifukwa ali ndi misomali yadzimbiri. Ntchito yanga inali kuizula n'kuiwongola pamwala. Zala za saluni zimenezi! Chala chachikulu chafufuma, ndipo ndatukwana mawu oti amayi akanakhala moyo akananditsuka m'kamwa ndi sopo.

Njerwa tazipeza pogumula khola la nkhuku. Nkhukuzo tsopano zikugona kubafa, ndipo tambala amandiyang'ana ndikamasamba.

Koma ndinene zoona pano poti palibe akuwerenga: felemu yaoneka bwino. A Injiniya ayala ulusi uja pathabwa mwaulemu wonse, aika chala uku, chala uku, alemba ndi pensulo, adula. Lilime kunja ngati mwana wa sukulu. Anadzuka kusanache kukagawa buledi, ndipo sanakhale pansi chibwerereni. Ababa si bambo awo, ndiponso pa ukwati wathu ababa anawatchula kuti kamnyamata kopanda tsogolo, iwo akumva. Sindinawayamikire, angazolowere. Ndangowathirira shuga wambiri mutiyi.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Lero ndikanafa.

Kamtsetse anakaunjika ndi zidutswa za njerwa ndi dothi, n'kukatsendera ndi chipika. Ine nditakaona ndati katsetsereka kwambiri. Iwo akuti ndi maso anga, azimayi sitidziwa za malevulo. Ndiye akuti tiyese tisanathire simenti, ine ndikhale ababa, wilibala ikhale chikuku. Nanga ine ndinavomereranji? Ndakhala m'wilibala, miyendo m'mwamba. Pokwera akankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, tafika pamwamba. Potsika wilibala yawalanda. Ndangomva "gwira!" osadziwa kuti ndigwire chiyani, ndipo ndapezeka m'bedi langa la tomato, nsalu kumutu.

Aneba aseka mpaka kukhala pansi. Akuti tikawatsitsa ababa pamenepo tisavutike n'kuitana galimoto, akafika okha kuchipatala.

A Injiniya sanaseke. Aima pamwamba paja nthawi yaitali, kenako akuti kamtsetse kayenera kutalika mpaka pakati pa bwalo kuti kagone. Ndiye kuti chingwe choyanikira zovala chichoke, tomato wanga achoke yense. Tomato amene ndinamuthirira ndi madzi otsukira mbale chilimwe chonse. Ndamuzula ndekha, ndikumupepesa. Tatuta dothi ndi ndowa mpaka msana kuuma. Tayesanso wilibala, koma ulendo uno ndati mukhale thumba la mchenga, ine ndili ndi ana oti ndilere. Latsika mwaulemu.

Loweruka, 9 Ogasiti

Tathira simenti. Ine wosakaniza, iwo osalaza ndi thabwa. Titangomaliza, nkhuku zatuluka kubafa n'kuyenda pamzere kuchokera pansi mpaka pamwamba. A Injiniya anafuna kulira. Kenako akuti zili bwino, mapaziwo athandiza matayala kuti asamaterereke, anali nazo kale m'pulani. Bodza la munthu ameneyu silichedwa kupsa.

Achimwene abwera kudzayendera atavala nsapato zoyera. Aima patali, manja m'thumba, akufunsa mafunso. Simenti iuma liti, chitseko chili kuti, bafa bwanji. Ndati za bafa tiona kutsogolo, madzi ndiziwatengera kuchipinda. Akuti kwawo bedi agula kale, ndi wailesi ya kanema yomwe. Ndati ababa sanadwale chifukwa chosowa kanema.

Ndikuwaperekeza kugalimoto atsitsa mawu. Akuti sakulimbana nane, akuopa kuti ndidzatopa, ndipo ndikadzatopa ababa adzaona pankhope panga. Akuti iwo sanawachitirepo kanthu ababa kupatula kutumiza zinthu, ndiye akufuna ulendo uno achite ndi manja. Zimandinyansa achimwene akanena zanzeru. Afunsanso ngati khomolo tinayeza. Ndati tinayeza, si ife ana.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Penti inatsala pamene tinkapenta saluni, ndiye chipinda cha ababa ndi chapinki. Akadandaula ndiwauza kuti ndi mankhwala.

Chitseko chalowa. Chimalira potsegula koma chimatsekeka. Masana ndinapita kukawameta ndevu ababa, n'kuwafotokozera za wilibala. Aseka mpaka anesi kubwera kudzaona. Atandifunsa ndi maso, ndati zonse zatheka, mawa mukugona kwanu. Ndalonjeza ndi pakamwa pangapa.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Tinafika nawo chakumasana pa galimoto ya achimwene. A Injiniya anapempha tchuthi, anavala mpaka malaya a kutchalitchi. Aneba anali pampanda kale. Achimwene anati akankha okha chikuku. Pakamtsetse chinakwera bwinobwino, ababa akuyang'ana mapazi a nkhuku aja mmodzimmodzi. Ine mtima unali utayamba kale kuvina.

Pakhomo chinagunda. Gu.

Achimwene anabwerera m'mbuyo, analunjikitsa, anakankhanso. Gu. Matayala onse awiri akukhudza felemu. Anayesa chammbali, anayesa chobwerera. Tinachotsa chitseko pa mahinjesi, osathandiza. Chimatsala pang'ono, mwina zala ziwiri, koma chikuku sichidziwa pang'ono.

Ndinalowera khomo lakutsogolo, ndinakatenga ulusi pamsomali paja kuti ndiwaonetse a Injiniya kupusa kwawo pamaso pa anthu. Ndinauyala pakhomo: ukukwana, chala uku, chala uku, ndendende mmene ananenera. Ndinauyala pachikuku: sukufika. Ndinaukoka pang'ono mmene ndimakokera ndikamaluka, unafika. Ndinausiya, unabwerera. Ulusi umenewu umatamuka, ndimaugwira tsiku lililonse, ndimadziwa. Kuchipatala kuja ndinaukoka ndi dzanja langa la saluni, lokweza nsidze za anthu lija, n'kuudula uli chikokere. Sabata yonse ndakhala ndikuseka munthu, chonsecho wopusa ndine.

A Injiniya anaona zonse. Anangonditenga ulusiwo m'manja n'kuuika m'thumba la malaya. Anatembenukira kwa achimwene n'kunena kuti, "Alamu, ndine ndinadula matabwa mopereweza. Ndipatseni mpaka mawa."

Achimwene sananyade, ndiwapatse zawo. Anangoti tinagwirizana, munthu wodwala sangagone pakhonde kudikira mawa, ndipo mawalo lidzabala mawa linzake. Anati ababa akakhale kwawo kaye, tikakonza tidzakambirana. Kaye wa achimwene ndimamudziwa, njinga yanga anaibwereka kaye ndili mtsikana. Ndinafuna kukuwa koma ndinalibe poyambira, mawu ndinapereka ndekha pakhonde la wodi. Ndinangoima m'chipinda chapinki ngati mlendo, ababa ali kunja, pakati pathu pali felemu.

Achimwene anagwira zogwirira kuti atembenuze chikuku. Sichinatembenuke. Anayesanso, anayang'ana mabuleki, mabuleki ali omasula. Ndi pamene tinaona dzanja la ababa, labwino lija, litagwira felemu. Zala zitalowa m'thabwa mpaka kuyera. Achimwene anawerama, anawanyengerera kuti asiye, angadzipweteke. Ababa osawayang'ana n'komwe. Amayang'ana bedi, ndi bulangete limene ndinayala m'mawa. Pakamwa panagwedera nthawi yaitali mawu asanatuluke, malovu akutsika, ndipo tonse tinadikira.

"Ndafika," anatero.

Achimwene anaimirira, anayang'ana kumsewu kumene kunali galimoto yawo, anapukuta m'maso ndi chala ngati mwalowa fumbi. Ine ndinali nditagwada kale, ndikupukuta ababa pachibwano ndi nsonga ya nsalu yanga, ndikulira poyera ngati mwana.

Kenako achimwene anasiya zogwirira zija. Anavula jekete n'kundipatsa kuti ndigwire, anapinda manja a malaya, n'kufunsa a Injiniya kuti hamala ili kuti.

Panopa ndikulemba nditakhala pa ndowa pabwalo. Awiriwo akukangana kuti ayambe kuzula thabwa la kumanja kapena la kumanzere. Agwirizana la kumanzere, chifukwa la kumanja ababa sanalisiyebe.