Mfiti ya m'kope langa

Akulu anga a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino kumigodiko. Kuno ku Chawama tili moyo, chifuwa cha amayi chinapola, koma ine mtima suli m'malo.

Paja ndimalemba nthano zoseketsa m'kope. Ndinalemba ya mfiti youluka pa lichero kuti ikafike msanga pamzere wa shuga, n'kugwera padenga la tcheyamani wa chipani. Ndinaipanga monga zimakhalira m'nthano zonse, nkhalamba yokhala yokha, ya maso ofiira. Kopelo linazungulira komboni yonse, anthu akuseka.

Tsopano akuti ndinalemba za amake Tisa, ogulitsa malasha aja. Maso awo anafiira ndi utsi, akulu! Palibe akugulanso malasha awo, ndipo pampopi azimayi amachotsa zidebe akawaona. Ndikanena kuti ndinangopeka, amati, "Iwe unaona vinthu, osabisa."

Chonde lemberani ba tcheyamani a chipani kuno kwathu kuti auze anthu kuti ndinangopeka, poti munaphunzira limodzi, mwina inu angakumvereni.

Dzulo amake Tisa anandiitana n'kunditapira malasha. Akuti amva kuti ndalemba buku, ndiye ndikawawerengereko Lamlungu, poti iwo sadziwa kuwerenga. Ndikawawerengera chiyani, akulu?

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Lazaro