Zimene Ndinauza Farida Pamtondo

Lachiwiri, 9 Meyi 1995

Kope ili ndi la komiti ya zaumoyo ya kuno ku Chia. Kutsogolo mayina a amayi oyembekezera ndi ana a kusikelo, kumbuyo kuno zanga. Pakhomo pano wodziwa kuwerenga ndine ndekha, ndiye ndiopenji.

Mawa Idi. Amuna anga a Sufiyani afika dzulo kuchokera ku chilumba cha Mbenji, ndi utaka wouma ndi zitenje ziwiri. Changa chofiirira, cha nkhalamba. Cha Farida chachikasu, chooneka uli kumsewu. Ati mtengo ndi umodzi. Kaya.

Farida, mkazi wamng'ono, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwana wa dzana uyu. Anaoloka nyanja pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, wopanda mbale, wopanda kapepala. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pabanja pano. Lero wosinja mpunga ndine, wokhala pamkeka ndi iye. Nsanje ndili nayo. Kope ndilibisire chiyani?

Lachisanu, 12 Meyi

A Sufiyani abwerera ku Mbenji, mpaka mwezi wamawa. Potsanzika dzanja lawo pamimba pa Farida, pakamwa pawo kwa ine. Ati iwe Rahila ndiwe wa komiti, umuyang'anire. Basi, ndasanduka mlonda.

Masana msonkhano paseli pa madrasa. Abwera a Nester, azaumoyo atsopano aja, panjinga kuchokera ku Benga. Nkhani yawo ufulu. Ati thanzi ndi ufulu wachibadwidwe, dziko lonse lapansi linagwirizana zimenezo kalekale. Chipatala sichifunsa khadi, sichifunsa chipembedzo, sichifunsa kumene unabadwira. Wodwala ndi wodwala. Ife a komiti tikauze aliyense.

Amayi kuomba m'manja. Ine manja anakana.

Chaka cha 1983, Faruku wanga kumsana, chikuku chitamugwira. Pageti la chipatala anyamata a chipani, ati khadi la chaka chino lili kuti? Ndinali ndi la chaka chatha. Ndinagwada. Anandibweza. Pomwe ndimapeza khadi latsopano mwana anali atasiya kuyamwa. Tinamuika, mwana wanga yekhayo. Chibwerere mimba yanga inatseka.

Ufuluwo unali kuti nthawi imeneyo? Lero ukubwera panjinga, kudzapeza Farida.

Lachitatu, 17 Meyi

Ndalankhula chinthu lero. Ndichilembe momwe chinalili.

Tili pamtondo. Farida wandionetsa mapazi, otupa, patapata wakana kulowa. Ati akufuna kukayamba sikelo, koma mantha. Anzake onse othawa nkhondo anawakweza malole chaka chatha kuwabweza kwawo, iye anabisala chifukwa cha ukwati. Kwawoko kulibe ndi mmodzi yemwe wamoyo.

"Akulu, inu mumadziwa za boma. Akakandilemba dzina kuchipatala, sakandibweza?"

Yankho ndinali nalo pakamwa, lija la a Nester. Ndinasinja kawiri katatu. Kenako ndinati malole akadalipo, ndipo pawindo amayamba kufunsa kumene unabadwira.

Anangoti zikomo akulu mwandichenjeza. Zikomo!

Sindinafune kuti chimuchitikire kanthu, Mulungu akudziwa. Ndinangofuna naye aimeko kunja kwa geti, amve mmene zimawawira. Kutupa mapazi ndi kwa aliyense woyembekezera.

Lachinayi, 25 Meyi

Mpunga watha kukolola. Matumba asanu ndi limodzi, msana wanga wonse.

A Nester anabwera ndi chithunzi chachikulu cha zizindikiro zoopsa kwa mayi wapakati. Kutupa nkhope ndi manja. Mutu wosasiya. Kuona tinyenyezi masana. Ati mukaona izi musadikire mwamuna, musadikire mzamba wa kumudzi, thamangani. Ndinakhala kutsogolo, ndikulemba bwinobwino. Anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino.

Atapempha mayina a oyembekezera ndinapereka asanu ndi awiri. Anafunsa, kwanu kulibe? Ndinati kulibe.

Kunyumba Farida nsalu yomanga kumutu, tsiku lachitatu. Mphete ya a Sufiyani yamira m'chala. Mphete, eti! Ine pa nikaha, tsiku la ukwati wanga, ndinalandira mbale ziwiri ndi mkeka.

Wandiphikira chambo, mutu wandisiyira ine. Ati inu ndinu mayi anga kuno. Asa, bwenzi atakhala wamwano, zikanandipepukira. Ndadya.

Lolemba, 29 Meyi

Uthenga wochokera ku Mbenji, kudzera mwa a Habibu, msodzi mnzawo. Moni kwa Farida, adye bwino, asanyamule zolemera. Mwana akakhala wamwamuna dzina lilipo kale. Kwa ine, ati mpunga ndiuanike bwino usachite nkhungu.

Mpunga.

Pa swala, pemphero la masana, ndinaganiza zomuuza. Ndinafika mpaka pakhomo pake. Ndinampeza akusoka kamalaya, akuimba chapansipansi, nkhope yonse yotupa ngati mkate. Ndinafunsa mchere, n'kubwerera.

Ndimuuza mawa.

Loweruka, 3 Juni

Ndikulemba ndili pakhonde la chipatala, ku boma.

Dzuwa lili pamutu, tikutembenuza mpunga pamphasa. Farida anati akulu ndikuona tinyenyezi. Kenako pansi. Thupi lonse kunjenjemera, thovu kukamwa, lilime waluma. Amayi ena ati majini, ayitane shehe. Ine ndimadziwa. Ndinali nditachilemba ndi dzanja langa labwino lija.

Tinamunyamula pamphasa yomweyo mpaka kumsewu. Matola ya nsomba inaima. Titadutsa pamlatho anatsitsimuka, n'kundigwira chitenje. Ati akulu musandipereke, bola ndikafere kunyumba. Ndinati khala chete.

Pawindo kalaliki, cholembera kukhutu. Dzina? Mudzi? Mfumu? Zaka? Ndinayankha zonse ine, iye ali pa wilibala ya odwala pambali panga, maso otsegula. Kalaliki n'kung'amba kapepala, ati lowani msanga.

Farida anatembenuza mutu. "Basi?"

Kalaliki anati basi, mumafuna ndifunsenso chiyani mayi?

Sanayang'ane kalaliki. Anayang'ana ine.

Lolemba, 5 Juni

Mwana wafera m'mimba. Wamwamuna.

Anamwino ati magazi anathamanga kwambiri. Akanabwera sabata ziwiri zapitazo pali mapiritsi, pali bedi, akanamudikirira pompano. Ananena akulemba, osadziwa akuuza ndani.

Farida ali moyo. Ndamusambitsa, ndamuphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala. Akumwa ndikamupatsa. Mawu ayi.

Ndinaganiza ndimva kupepuka kuti tsopano tafanana, iye wopanda, ine wopanda. Palibe. Anyamata a pageti aja nkhope zawo ndinaziiwala kalekale. Lero ndaikumbukira imodzi, ya wamtali uja, sanali wokwiya n'komwe. Anangonena mawu ake n'kuyang'ana kwina, monga ndinachitira ine pamtondo.

Lachisanu, 9 Juni

A Sufiyani afika dzulo, maso ofiira, fungo la nsomba likadali m'malaya. Lero abweranso a Nester, amva kwa anthu. Tonse pabedi la Farida.

A Nester sanakweze mawu. Anafunsa kuti zatheka bwanji, mayi wa komiti ali pakhomo pomwepo, dzina osalembedwa, sikelo osayamba. A Sufiyani ananditembenukira. Ndinaona talaka, mawu ondisudzula, ili pamilomo pawo. Kwathu ku Mwadzama ndikapita ndi nkhope yanji, ndikafikira kwa yani?

Ndinatsegula pakamwa. Farida anandiyambirira, mawu oyamba chiyambire Loweruka.

"Akulu ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti tipite. Ndinkakana ndine. Dzina ndinawaletsa kulemba ndine."

A Sufiyani anagwetsa mutu. Kenako anandigwira dzanja, pamaso pa anthu, ati Rahila pakanapanda iwe ndikanaika awiri. Zaka zingati asanandigwire dzanja? A Nester ati pepani mayi, ndinakuganizirani molakwa. Ati mwezi wamawa kuli maphunziro ku Salima a za ufulu wa odwala, akufuna mayi mmodzi wa ku Chia, aika dzina langa.

Atatuluka onse ndinatsala ndi iye. Ndinati Farida. Anati kapu ili patali akulu, ndipatsireni madzi. Ndinamupatsa. Anamwa, n'kutembenukira kukhoma.

Ndiye ndi izi. Chitenje chowala chake. Mphete yake. Mwamuna wake. Tsopano ndi mtima womwe wandiposa, ndipo ndikumuchitira nsanje ngakhale pamenepa, Mulungu andikhululukire. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi pogwira.

Loweruka, 10 Juni

Farida atulutsidwa Lolemba likubwerali. A Nester akufuna kopeli Lachiwiri, akaonkhetse mayina a mwezi uno. Masamba akumbuyo ano ndi asanu ndi limodzi. Ndawagwira kawiri kuti nding'ambe.

Kutsogolo ndalemba dzina lachisanu ndi chitatu. Farida Sufiyani, Chia. Pa mzere wa mwana sindikudziwa cholemba. Dzina a Sufiyani anandiuza dzulo, lija anasunga. Ati amafuna adzakhale Faruku, kuti inenso ndidzakhale ndi womuitana.