Malaya Ofiira pa Chithunzi Chachikhumi

Amayi, kodi kumeneko kwa Ambuye zikukuyenderani bwanji? Kuno tilipo ndithu. Mwana wanu Sitela wachira mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Ku Nsanama tayamba kudya mondokwa, koma mpunga wa kudambo madzi anaukokolola theka. Ine ndinapeza uphunzitsi ku Balaka, ngakhale si umene ndinavutikira zaka zinayi ku Zomba. Lachisanu ndikaweruka ndimakwera basi kupita kumudzi.

Ndalemba chifukwa ndili ndi mantha, amayi. Zithunzi za Njira ya Mtanda m'tchalitchi mwathu, zija munkagwadira Lachisanu lililonse la Lenti, chiswe chinazimaliza. Ndinauza Bambo Mfumu kuti tisadikirenso za ku Ulaya, ndijambula ine pa matabwa, Yesu akhale wakuda ngati ife. Anavomera. Simoni wothandiza kusenza mtanda ndinamupatsa nkhope ya msodzi wa ku nyanja ya Chiuta. Veronika ndi inuyo, mpango ndi womwe uja.

Koma pa chithunzi chachikhumi, pomwe akumuvula Yesu zovala, asilikali ndinawaveka malaya ofiira, ngati a anyamata achipani aja amatseka msika pofuna makadi. Anthu ndimawauza kuti ndi penti yotsala ya denga. Inu sindingakunamizeni, ndinachitira dala. Ndinatopa n'kuona aliyense akuzyolika. Munkandiuza kuti, "Fabiano, chithunzi sichikalipa, umangochiyang'ana mpaka mtima ufewe." Sindinamve.

Lachisanu lapitali tinayenda bwinobwino tikuimba mpaka pachikhumi. Nyimbo inangozima. Mayi Nachisale, aja amuna awo anatengedwa pa galimoto ya boma chaka chatha osabweranso, analira mokweza n'kutchula dzina la amuna awowo. Potuluka, atcheyamani a chipani anandigwira paphewa uku akumwetulira. "Aphunzitsi, dzanja muli nalo. Asilikali amenewa munawaonera kuti?" Sabata ino galimoto ikangoima pasukulu, choko chikumandipulumuka m'manja.

Loweruka m'mawa akatekisiti anabwera ndi chitini cha penti yobiriwira. "Iyayi mwanawe, kapake msanga. Anauka tsiku lachitatu ndi mmodzi yekha." Masana ake ndinalowa m'tchalitchi, burashi m'manja. Ndinapeza Mayi Nachisale atagwada pomwepo ndi kolona. Osacheuka n'komwe anati, "Musafafanize, mwanangu. Ndikalira kunyumba amati ndikunyoza boma. Pano ndiye ndikulirira Ambuye, angandigwire ndani?"

Ine ndinajambula kuti anthu aone wophunzira wosaopa, kuti zinthu zigwedezeke msanga. Sindinapempherepo n'kamodzi komwe pa chithunzi chimenechi. Iwo ndiwo akupempherapo zenizeni. Ndikapaka, ndiwalanda malo okhawo amene atsala nawo. Ndikasiya, mwina Pasaka ino sindiidyera kwathu.

Chitini ndinachibweza chosatsekula. Kaya ndachita bwino, kaya n'kupusa, sindikudziwa. Akuti kumene amatengera anthu kuja munthu umayankhula ngakhale zimene sunafunsidwe, ndipo chimene chikundiopsa kwambiri n'chimenecho. Mundipempherere kuti pakamwa panga pasatuluke dzina la Bambo Mfumu, la akatekisiti kapena la mayiwa.

Ndikukulonjezani, akabwera ndidzanena kuti ndinaganiza ndekha n'kujambula ndekha. Ndipo akandisiya mpaka Lachisanu, ndikagwada pambali pa Mayi Nachisale.

Ndimakukondani, amayi.

Ine mwana wanu,
Fabiano