Mabowo a m'Kodiyoni ya Abambo

Kapelula, Kasungu

Wokondedwa mlongo wanga Simeon,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko, iwe ndi alamu anga a Sellah ndi mwana. Kuno ana ali bwino, fodya tinamaliza kusankha, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Chikhumbo oyendetsa thiraki chifukwa pa foni umangoti wamva, wamva, kenaka n'kudula. Pepala sungalidule.

Chifuwa cha abambo chakula. Mwezi wa Epulo adokotala a pa boma anawajambula, n'kutipatsa kalata yoti tipite nawo ku Lilongwe msanga, ndipo fodya anawaletseratu. Abambo anavomera bwinobwino, koma anati adzanyamuka kodiyoni yawo ikakonzeka. Ati sangaisiye ikupuma ngati nkhuku ya chitopa.

Ukuikumbuka kodiyoni yofiira ija ankaimbira kwaya? Yakhala m'sutikesi zaka zisanu ndi zitatu. Ukaikoka imangoti fuu, mpweya kuthawira m'mbali, nyimbo osatuluka. Ine ndinaona ngati ndi ntchito ya masiku awiri, ndiwakonzere tizipita.

Manja awo amanjenjemera masiku ano, ndiye womata ndine. Anandiphunzitsa kuzula timisomali, kutsegula mvukuto wake, pakati popindikapindika paja, ndi kuuyendetsa pafupi ndi tsaya kuti ndimve pomwe mphepo ikutulukira. Ndinapeza mabowo atatu m'makona momwe munadya mphemvu. Ndinamata ndi tizikopa ta mbuzi topala bwino ndi guluu womatira chubu cha njinga. Inalira tsiku limodzi. M'mawa mwake, fuu.

Tsopano ndiulule, undikalipire ukafuna. Abambo anati timabowo tina tsaya silingatimve, timaoneka ndi utsi basi. Munthu amauzira utsi mkati, n'kutseka, n'kufinya pang'onopang'ono, ndipo pomwe pabooka pamatuluka kautsi ngati ulusi. Ndinati tiyatse udzu. Iwo anati utsi wa udzu umadetsa tizitsulo toliza ta mkati, wabwino ndi wa fodya.

Simeon, ndinapita ndekha ku chigafa, ndinatola tsamba, ndinawakulungira ndudu ndi manja angawa. Munthu woletsedwa ndi adokotala! Njirayo imagwiradi ntchito, kautsi kanaoneka. Koma akakoka katatu, utsi wolowa m'kodiyoni unkakhala wa kamodzi kokha.

Milungu isanu ndi umodzi yatha choncho. Ndimata lero, mawa latuluka bowo lina. Kalata ya adokotala yafika pothimbirira m'Baibulo. Ndinatukwana mphemvu, ndinathira mankhwala nyumba yonse, mpaka ndinakakangana ndi wokonza njinga pa msika kuti amandigulitsa guluu wosukuluka, munthu wosalakwa.

Lachiwiri lapitali ndinabwerako msanga ku chigayo chifukwa magetsi anazima. Ndinawapeza kuseri kwa chigafa, kodiyoni ili pamiyendo, m'manja muli singano yosokera fodya ija. Ankasankha pobowola mofatsa, mkati mwa mpindo momwe diso silifika, ndipo dzanja lija silinkanjenjemera n'komwe.

Ndinapsa mtima, ndinalira, ndinawanenera mawu oti mwana sanenera kholo lake. Ndinawafunsa ngati ndudu yaposa moyo wawo, yaposa ife ana awo.

Anandisiya ndimalize. Kenaka anati si fodya ayi, ngakhale kuti amawakomera ndithu. Anati mnzawo uja, a Samsoni a pa esiteti pano, anapita ku Lilongwe ndi chifuwa chomwechi n'kubwerako m'bokosi. Iwo kupita saopa, koma galimoto ya ku Lilongweyo sakwera asanakuone. Unachoka pakhomo pano musakulankhulana, muja unawauza kuti sudzafera m'munda wa fodya wa eni, ndipo kukuitana ndi pakamwa pawo sangathe. Ukuwadziwa abambo ako. Anati kodiyoniyo ndi yako, ndipo bowo lomaliza udzamata ndiwe.

Ine ndatopa kukhala pakati pa amuna awiri ouma mitu. Sindikugona, sindikudya bwino, ndikamva galimoto pa msewu ndimatuluka ngati wina anandiuza kuti ukubwera. Dzulo ndinaona magazi pa kansalu kawo, iwo n'kukabisa msanga m'thumba la jekete.

Ndiye ndikukupempha, mlongo wanga. Usatumize bulangete, usatumize mankhwala a kumeneko. Pempha tchuthi kwa abwana ako, ubwere wekha ndi miyendo yako. Zopepesana musavutike nazo, udzangokhala nawo pansi n'kumata. Ukafika Loweruka, Lolemba tili ku Lilongwe.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kamwana kako kamene agogo ake sanakanyamulepo. Mulungu akusunge ndi kukuyendetsa bwino pa msewu wautaliwo. Singano ija ndabisa, koma ukudziwa wekha kuti minga ya mthethe ili ponseponse kuno, ndipo m'kodiyonimo malo omata atsala pang'ono kutha.

Ndine mlongo wako,
Olive