Mtambo Wosasuntha wa pa Michesi

Lolemba, 9 Julaye 1951
Mantha anga ndi amodzi: Alesi akwera phiri. Mtambo uja wabweranso pamwamba pa Michesi, wosalala ngati mbale yovundikira. Mphepo ikuweramitsa mitengo, koma wokhawo uli chiimire. Mlongo wangayu akuti amuna ake, a Tobias, ali mmenemo. Anasowa m'chiperoni chaka chatha atapita kukadula nsungwi. Sitinapeze ngakhale chikwanje.

Lachitatu, 11 Julaye
Akuchimuna anabwera kuti timete maliro. Alesi wakana. "Ndimete munthu akundiyang'ana?"

Lachinayi, 12 Julaye
Ndinaweruka msanga kusukulu komwe ndimaphunzitsa n'kumutengera kumtsinje. Ndinamuonetsa mwala womira. Madzi akaukwera amatsika, kenako n'kutumphukanso. Chotumphukacho sichichoka pamalo, chonsecho madzi ake ndi atsopano nthawi zonse. Mpweya wa nyengo yozizira ndi chimodzimodzi. Ndi wodekha, sufuna kukwera. Wina umalambalala phiri n'kudzera pampata, n'chifukwa chake pamenepo pamaomba mphepo yaukali. Wina umakwera mokakamizika, n'kuzizira pamwamba, n'kusanduka mtambo. Ukatsika, mtambo umasungunuka. Umabadwa mbali iyi, n'kufa mbali inayo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Achimwene, mwathira choko ndi mumtsinje momwe."

Lachisanu, 13 Julaye
Alesi wakazinga chimanga cha paulendo. Ndabisa nkhwangwa, ngati kuti munthu amakwerera nkhwangwa.

Masana ndinadzipeza ndaima pakhomo la kalasi, maso kuphiri. Zonse ndikuzidziwa. Nanga bwanji thupi likuchita tsemwe?

Loweruka, 14 Julaye
M'mawa mphasa yake inali yopinda. Ndinathamangira njira ya kuphiri, ndikuitana. Mphepo yokhayokha. Pobwerera ndinamupeza pamwala paja, dzanja lili m'madzi, chimanga chili pambali.

"Ndimati ndigwire chotumphukachi," anatero. "Sichigwirika. Ndikakwera ndikapeza nkhungu basi, eti?"

Ndinavomera.

"Ndiye kuti a Tobias anadutsa kalekale. Chatsala n'chooneka chokha." Anandicheukira. "Mawa kawauzeni akuchimuna abwere ndi lumo."

Ndinayamba kunena za mpweya, koma anandigwira mkono.

"Inu mumangofotokoza. Taikani dzanja lanu apa, achimwene."

Ndinaika. Madzi ozizira ankadutsa pakati pa zala, osaima. Kumwamba mtambo unali pomwepo.